Mpira wa tsache: lamulo lililonse lili ndi chifukwa chake

Tsache mumalidziwa bwino. M'mawa limasesa pakhomo, likamaliza nkuimikidwa kuseri kwa chitseko. Koma kodi munamvapo kuti kuli maiko kumene anthu akuluakulu, abambo ndi amayi omwe, amanyamula tsache kupita nalo ku mpira? Masewera amenewa alipodi. Pa Chingelezi amawatcha broomball. Liwu loti broom ndiye tsache, ndipo ball ndiye mpira. Ife pa tsamba lino tiwatchula kuti mpira wa tsache.

Kwawo kwa masewerawa ndi ku Canada ndi kumpoto kwa dziko la United States. Osewera ake ambiri salandira malipiro. Masana amakhala ali ku ntchito: wina ndi mphunzitsi, wina ndi namwino, wina amayendetsa galimoto ya katundu. Madzulo akaweruka ndi pamene amakumana pabwalo. Amasewera mu ligi, kutanthauza mpikisano wa matimu angapo amene amakumana sabata ndi sabata mpaka nyengo ya masewera ithe.

Lero tiona mmene ligi yotere imayendera. Pamene mukuwerenga, sungani funso ili m'mutu: kodi lamulo limeneli linabwera kudzaletsa vuto lanji? Mukalipeza vutolo, lamulo silivutanso kukumbukira.

Bwalo lake ndi la madzi oundana

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene kuno tili m'dzinja ndipo tikupalira chimanga, ku Canada kumakhala chisanu choopsa. Madzi amaundana kuzizira kukafika pa digiri 0, ndipo kumeneko kumazizira kuposa pamenepo kwa masabata ambiri. Madzi a m'madamu ndi m'nyanja zing'onozing'ono amauma pamwamba nkulimba ngati mwala, moti munthu amayendapo. Madzi oundanawa ndi aja timati ayezi, pa Chipwitikizi gelo.

Mpira wa tsache umaseweredwa pa ayezi. Bwalo lake ndi lomwe amasewererapo hoke, masewera ena a ndodo amene anthu a ku Canada amawakonda kwambiri. Bwalo lalikulu limatalika mamita 61, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita 26. M'mbali monse amazunguliza mpanda wa matabwa kuti mpira usatuluke. Mabwalo ena ali panja, ndipo ogwira ntchito amathirapo madzi kuti aundane. Ena ali m'nyumba zikuluzikulu momwe makina amasunga ayezi ngakhale kunja kutatentha.

Osewera hoke amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndipo chitsulocho chimaluma ayezi. A mpira wa tsache savala zimenezo. Iwo amathamanga ndi nsapato za mphira, zofewa kunsi. Ngati munayendapo pa matope a makande mvula itangokata, kapena munapondapo mwala wa ndere pa mtsinje, mukudziwa mmene phazi limathawira. Pa ayezi munthu sangaime pomwe wafunira. Akati akhote, thupi limapitirirabe kutsogolo. Aliyense amagwa, katswiri ndi wongoyamba yemwe. Malamulo ambiri amene tiwerenge pano anachokera pa kuterera kumeneku.

Masewerawa anayamba liti?

Anthu a ku Canada anayamba kusewera mpira wa tsache zaka zoposa 100 zapitazo. Olemba mbiri yake amatchula masewero a mu 1909 a ku Perdue, m'chigawo cha Saskatchewan, ngati ena mwa oyamba kulembedwa. Nthawi imeneyo anthu ankatenga masache enieni a m'nyumba. Munthu amene analibe nsapato za hoke ankatha kusewera nawo.

Kenaka masewerawa anawolokera ku United States, makamaka ku Minnesota, chigawo chochita malire ndi Canada. Mpaka lero, mu mzinda wa Minneapolis, bungwe loyang'anira malo osewerera a mzindawo limakonza maligi a akuluakulu nyengo ya chisanu ikafika.

Masewera akafalikira, pamabuka funso: matimu a madera awiri akakumana, atsatira malamulo a ndani? Nchifukwa chake mu 1976 anakhazikitsa bungwe loyendetsa masewerawa m'dziko lonse la Canada, limene lero limatchedwa Broomball Canada. Mu 1998 kunabadwa bungwe la maiko onse, International Federation of Broomball Associations. Mpikisano wa dziko lonse lapansi umachitika zaka ziwiri zilizonse, ndipo kumabwera matimu ochokera ku Japan, Australia, Italy ndi maiko ena. Maligi ang'onoang'ono ongosangalala amatenga malamulo a mabungwe amenewa nkusintha pena ndi pena kuti agwirizane ndi anthu awo.

Zida zake

Tsache la masiku ano silisesa. Ndi ndodo ya mtengo kapena ya chitsulo chopepuka, ndipo kumapeto kwake kuli mutu wa mphira kapena wa pulasitiki wooneka ngati tsache lodulidwa. Malamulo salola kuti italike kupitirira masentimita 135. Komabe masache enieni sanatheretu. Pa yunivesite ya Michigan Technological University, m'tauni ya Houghton, ophunzira amasewera ndi masache a m'nyumba okulunga ndi tepi, ndipo ligi yawo imayendetsedwa ndi ophunzira okhaokha.

Mpira wake ndi wa mphira, wocheperapo poyerekeza ndi mpira wa miyendo. Golo lake, pa malamulo a bungwe la maiko onse, ndi mamita 1.5 kupita m'mwamba ndi mamita 2.1 m'lifupi.

Chida chofunika koposa ndi chisoti cholimba, chonga chija amavala okwera njinga yamoto. Munthu akaterera pa ayezi, kawirikawiri amagwa chagada, ndipo nkhongo imamenya pansi. Nchifukwa chake maligi ambiri amati wopanda chisoti asalowe m'bwalo, kaya ndi katswiri kaya ndi mwini timu. Ambiri amavalanso magolovesi ndi zotchinga mawondo, zigongono ndi misongolo. Wapagolo amaonjezera chotchinga kumaso.

Mmene amasewerera

Timu iliyonse imalowetsa anthu 6 m'bwalo: wapagolo mmodzi ndi osewera 5. Ena amadikira pa benchi. Kuthamanga pa ayezi kumatopetsa msanga, choncho wotopa amatuluka mnzake nkulowa, mpira uli mkati. Palibe malire a kusinthana. Chofunika nchakuti timu isapezeke ndi anthu oposa 6 m'bwalo nthawi imodzi.

Kawirikawiri masewero amakhala ndi zigawo ziwiri, chilichonse cha mphindi 18 kapena 20. Poyamba woyimbira amagwetsa mpira pakati pa bwalo, ndipo osewera awiri amalimbirana. Cholinga ndi kulowetsa mpira m'golo la adani pogwiritsa ntchito tsache. Mutha kuuimitsa ndi phazi kapena ndi dzanja, koma chigoli chomwetsa ndi phazi kapena choponya ndi dzanja sichiwerengedwa. Wapagolo yekha ndiye amaloledwa kuugwira, ali pamalo pake.

Kutsogolo kwa golo kuli kamalo kojambulidwa ka wapagolo. Womwetsa zigoli saloledwa kuimamo mpira usanalowemo. Vuto lake nlodziwikiratu: wapagolo nthawi zambiri amakhala atagwada kapena atagona pa ayezi, ndipo anthu oterera akamuunjikira amupweteka.

Zoletsedwa ndi chilango chake

Lamulo loyamba ndi la kukweza ndodo. M'mipikisano ikuluikulu saloleza kumenya mpira ndodo ili pamwamba pa mapewa. Maligi ambiri ongosangalala amatsitsa malirewo kufika m'chiuno. Ganizirani munthu amene wakweza ndodo kuti amenye mpira, phazi nkuterera. Ndodoyo igwera pa nkhope ya mnzake. Lamulo limeneli likuteteza maso ndi mano.

Lachiwiri ndi la kugundana. M'mipikisano ina ya akatswiri, kugunda mnzako ndi thupi kuti umulande mpira kumaloledwa. M'maligi ongosangalala, ndi m'matimu osakaniza amuna ndi akazi, nkoletsedwa. Osewerawa ndi makolo. Mawa m'mawa akuyenera kukhala ali pa ntchito. Wothyoka mkono sangagwire nsomba ya galimoto kapena choko, ndipo banja lake ndi limene limavutika.

Zina zoletsedwa ndi kupinga mnzako, kumukola ndi ndodo, kumumenya ndi ndodo m'miyendo, kumugwira malaya, ndiponso kuponya tsache kuti litchinge mpira.

Wolakwa amatuluka m'bwalo nkukakhala pa benchi ya chilango. Kulakwa kwakung'ono ndi mphindi 2. Kulakwa kwakukulu, monga kuvulaza munthu mosasamala, ndi mphindi 5. Nthawi yonseyo timu yake imasewera yoperewera munthu mmodzi. Onani nzeru yake: mmodzi akalakwa, anzake asanu ndi amene amakhetsa thukuta. Choncho anzake omwewo ndiwo amayamba kumudzudzula woyimbira asanalize wezulo.

Ndewu ndi nkhani ina. Womenya mnzake amatulutsidwa m'masewerowo, ndipo maligi ambiri amamuimitsanso masewero otsatira, mwina nyengo yonse. Kutukwana woyimbira ndi kulowa m'bwalo utamwa mowa nakonso kumatulutsitsa munthu.

Ndani amayendetsa ligi?

Maligi ena amayendetsedwa ndi ofesi ya mzinda, monga taona ku Minneapolis. Ofesiyo imalemba malamulo, imakonza mabwalo, ndipo imalemba ganyu oyimbira. Maligi ena ndi a osewera eni ake. Iwo amasankha komiti pa msonkhano wa pachaka: wapampando, mlembi, msungichuma, ndi munthu wokonza ndandanda ya masewero. Kawirikawiri anthu amenewa amangodzipereka, salandira kanthu.

Ligi yokhazikika imakhala ndi malamulo a mitundu iwiri. Oyamba ndi a m'bwalo, aja tawerenga kale. Achiwiri ndi a kayendetsedwe ka bungwe. Amenewa amanena amene angakhale membala, amene ali ndi voti, kutalika kwa nthawi imene komiti ikhale pa udindo, ndi njira yosinthira lamulo. M'maligi ambiri timu iliyonse imakhala ndi voti pa msonkhano, kaya inatenga chikho kaya inathera kumchira.

Mfundo yaikulu ndi nthawi yosinthira malamulo. Amagwirizana nyengo isanayambe, aliyense asanadziwe kuti apambana ndani. Pa nthawi imeneyo mitima imakhala ili m'malo, ndipo munthu amavomera lamulo podziwa kuti mawa likhoza kugwira iye mwini. Lamulo losinthidwa pakati pa nyengo limakomera ena nkupweteka ena, ngakhale olisintha atakhala ndi mtima wabwino.

Maligi aakulu amagawanso matimu malinga ndi luso. Akatswiri amakhala ndi gawo lawo, ongoyamba kumene gawo lawonso. Timu ikamapambana mosavuta amaikweza nyengo yotsatira. Popanda kugawa kumeneku, ongoyamba angamagonje sabata iliyonse mpaka kugwa ulesi, ndipo ligi ingamachepe chaka ndi chaka.

Kulembetsa ndi kusaina

Ligi ya akuluakulu imalandira anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Timu iliyonse imapereka mndandanda wa maina a osewera ake tsiku loikika lisanadutse. Amene dzina lake palibe saloledwa kusewera. Munthu mmodzi salembetsa m'matimu awiri a gawo limodzi. Amene alibe timu amalembetsa yekha, ndipo ligi imamupezera timu yoperewera anthu.

Maligi ambiri ali ndi lamulo linanso: kuti munthu asewere masewero omaliza olimbirana chikho, ayenera kukhala atasewera kangapo m'kati mwa nyengo. Vuto lake mumalidziwa kuchokera ku mpira wa miyendo. Tsiku la chikho likafika, timu ina imabwera ndi katswiri waganyu amene palibe anamuonapo, ndipo amene anavutika nyengo yonse amakhala pa benchi. Mndandanda wa maina umatseka khomo limeneli.

Wosewera aliyense amasainanso fomu. Fomu imeneyi si ya maina chabe. Imanena kuti wosainayo akudziwa kuti masewerawa ali ndi ngozi, ndipo akuvomera kusewera mwa kufuna kwake. Kawirikawiri imanenanso kuti akavulala sadzaimba mlandu ligi kapena eni bwalo. Maligi ena amalipirira osewera inshuwalansi, ena salipira. Ku United States chithandizo cha kuchipatala chimafuna ndalama zambiri, choncho mawu ochepa a pa fomuyo akhoza kusanduka ngongole yaikulu.

Nchifukwa chake wosewera wanzeru amawerenga fomu yonse asanagwire cholembera. Pamene sanamve amafunsa: kodi ndikavulala alipira ndani? Kodi ndikasiya pakati, ndalama zanga zibwerera? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Dzina likangolembedwa pansi pa pepala, mawu onse a pamwamba asanduka anu, kaya munawawerenga kaya ayi.

Ndalama za ligi

Timu iliyonse imalipira ndalama yolowera. Ndalamayi imagwira ntchito zodziwika: kubwereka bwalo, kulipira oyimbira, kugula mipira, ndi mphoto ya opambana. Pa mabwalo a m'nyumba, ndalama yaikulu imapita ku bwalo, chifukwa eni ake amalipiritsa pa ola.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti ndalama yolowera ndi madola 600, ndipo timu ili ndi anthu 12. Aliyense asonkha madola 50. Anthu awiri akapanda kusonkha, paperewera madola 100. Otsala 10 aja aonjezera madola 10 aliyense, apo ayi kaputeni atulutsa m'thumba mwake. Maubwenzi ambiri amathera pa nkhani ngati imeneyi. Nchifukwa chake ligi imaika tsiku lomaliza kulipira, ndipo timu yosalipira siikidwa pa ndandanda.

M'ligi ya osewera eni ake, msungichuma amalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, amasunga malisiti, ndipo amawerenga zonse pa msonkhano wa pachaka. Membala aliyense ali ndi ufulu wofunsa. Kufunsa lisiti si kutukwana munthu. Lisiti limateteza msungichuma yemweyo tsiku limene anthu ayamba kunong'onezana.

Ndandanda ndi mapointi

Ndandanda imaonetsa timu yosewera, tsiku, ola ndi bwalo. Njira yofala ndi yoti timu iliyonse ikumane ndi inzake iliyonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ligi ili ndi matimu 6. Timu iliyonse isewera ndi matimu 5. Tikachulukitsa 6 ndi 5 tipeza 30. Koma masewero amodzi amakhala ndi matimu awiri, choncho tigawa 30 ndi 2. Masewero onse ndi 15.

M'maligi ambiri, kupambana ndi mapointi 2, kufanana mphamvu ndi pointi 1, kugonja palibe kanthu. Timu yopambana katatu, yofanana mphamvu kamodzi, nkugonja kamodzi, ili ndi mapointi 7. Wosewera wodziwa kuwerengera yekha sadikira kuti wina amuuze pamene timu yake ili.

Nanga matimu awiri akafanana mapointi? Malamulo amanena pasadakhale. Kawirikawiri amayamba kuona amene anapambana pamene matimu awiriwo anakumana. Zikafananabe, amaona kusiyana kwa zigoli zomwetsa ndi zomwetsedwa.

Kuchedwa nakonso kuli ndi lamulo. Bwalo labwerekedwa ola limodzi, ndipo matimu ena akudikira panja. Timu imene sinakwane anthu pakatha mphindi zochepa zimene malamulo anaika imawerengedwa kuti yagonja. Yojomba mobwerezabwereza imalipitsidwa faindi kapena kuchotsedwa. Kumbukirani kuti anzawo aja anayenda mu chisanu usiku, ena atasiya ana ndi wolera, ndipo apeza bwalo lopanda adani.

Pa mabwalo a panja, nyengo nayo imalamula. Kukafunda, ayezi amasungunuka. Kukazizira mopitirira, khungu la zala ndi makutu limaonongeka. Malamulo amatchula munthu amene ali ndi mphamvu yoimitsa masewero, ndi njira yodziwitsira matimu nthawi ilipo.

Malo a amayi

Maligi amakhala ndi magawo a amuna, a akazi, ndi osakaniza. M'mipikisano ikuluikulu ya matimu osakaniza, pa anthu 6 a m'bwalo, 3 amakhala akazi ndipo 3 amuna. Maligi ongosangalala nawo amatchula chiwerengero cha amayi amene ayenera kukhala m'bwalo nthawi zonse. M'maligi ambiri, mayi mmodzi akapanda kubwera, malo ake salowapo bambo. Timuyo imasewera yoperewera.

Taonani kusiyana kwake. Lamulo likanangoti amayi ndi ololedwa, timu ikanatha kulemba maina awo pa mndandanda, koma mpira ukavuta nkuwakhazika pa benchi. Lamulo lotchula nambala silisiya mpata wotero. Kaputeni amakakamizika kufunafuna amayi, kuwaphunzitsa, ndi kusankha nthawi imene iwonso angathe kubwera. Ufulu wolembedwa ndi nambala ndi wosavuta kuuona ngati ukutsatidwa. Aliyense amene ali kunja kwa mpanda atha kuwerenga mpaka 3.

Kaputeni, woyimbira ndi madandaulo

Kawirikawiri oyimbira amakhala awiri. Zimene agamula m'bwalo ndi zomwezo. Woyimbira ndi munthu, ndipo amatha kuphonya, koma anthu 12 akamamuzungulira aliyense ndi mawu ake, masewero sangathe. Nchifukwa chake kaputeni yekha ndiye amaloledwa kufunsa woyimbira, ndipo afunse mwaulemu.

Ntchito ya kaputeni imapitirira kunja kwa bwalo. Iye amapita ku msonkhano wa makaputeni nyengo isanayambe, amalandira malamulo nkufotokozera anzake, amatolera ndalama, ndipo amayankha pa khalidwe la timu yake. Kunena kuti sitinadziwe sikupulumutsa timu.

Izi sizikutanthauza kuti wolakwiridwa angokhala chete. Pali njira ya madandaulo. Kaputeni amalemba kalata kwa komiti kapena ku ofesi ya ligi m'nthawi yochepa imene malamulo anaika, kawirikawiri tsiku limodzi kapena awiri. M'kalatamo amatchula tsiku, masewero, ndi lamulo limene laphwanyidwa. Maligi ena amafuna kandalama kochepa pamodzi ndi kalatayo, ndipo amabweza dandaulo likapezeka loona. Cholinga ndi kuchepetsa madandaulo a mkwiyo chabe.

Si nkhani iliyonse imene imalandiridwa. Kunena kuti woyimbira sanaone bwino si dandaulo lomveka, chifukwa zoona ndi maso zinathera m'bwalo. Koma kunena kuti timu ina inaseweretsa munthu wosalembetsa ndi dandaulo, chifukwa mndandanda ulipo ndipo aliyense atha kuuwerenga. Pozenga nkhaniyo, komiti yabwino imamva mbali zonse ziwiri, ndipo membala wa komiti amene timu yake ikukhudzidwa amatuluka panja. Munthu saweruza mlandu wake womwe.

Mawu omaliza

Mwina simudzapondapo pa ayezi. Koma mwaona mmene anthu osadziwana, a ntchito zosiyana ndi mphamvu zosiyana, amathamangitsirana pa bwalo loterera ndodo zili m'manja, nkubwerera kunyumba ali bwinobwino. Si chifukwa chakuti onse ndi ofatsa. Pakati pawo pali aukali, achinyengo ndi ochedwa, monga paliponse pamene pali anthu. Chimene chimawasunga ndi mapepala ochepa amene anagwirizana mkangano usanabwere.

Tsiku limene zinthu zili bwino, palibe amene amatsegula mapepalawo. Amatsegulidwa tsiku limene wina wavulala, ndalama zaperewera, kapena chikho chalowa mkangano. Tsiku limenelo wamphamvu amadalira mawu ake okweza, ndipo wodziwika amadalira anzake a m'komiti. Wongoyamba kumene, mayi amene akufuna kumuchotsa m'bwalo, ndi timu ya kumchira, alibe china chodalira koma zimene zinalembedwa. Ndipo zolembedwazo zimathandiza msanga munthu amene atha kutsegula tsamba, kuloza mzere ndi chala, nkuwerengera anzake mokweza.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Nchifukwa chiyani maligi ongosangalala amaletsa kukweza ndodo kupitirira m'chiuno?

2. Ligi ili ndi matimu 4, ndipo timu iliyonse ikumana ndi inzake kamodzi. Masewero onse akhala angati?

3. Timu yapambana kawiri, yafanana mphamvu kawiri, yagonja kamodzi. Ili ndi mapointi angati?

4. Kodi pali kusiyana kwanji pakati pa lamulo loti amayi ndi ololedwa ndi lamulo loti m'bwalo mukhale amayi 3?

5. Tchulani mafunso awiri amene wosewera ayenera kufunsa asanasaine fomu.